Seed ya PDA pa Solana: dzina lenileni, hash kapena nambala yowerengera?

Ndinkayesa pa devnet, netiweki yoyeserapo ya blockchain ya Solana, pulogalamu yolembera magulu a anthu ochita malonda m'misika, gulu lililonse akaunti yake. Maakaunti oterewa amakhala pa PDA (Program Derived Address), adiresi imene imawerengeredwa kuchokera ku zidutswa za deta zotchedwa ma seed, ndipo ine seed yanga inali dzina la gulu. Zonse zinkayenda bwino mpaka nditalowetsa mawu akuti "amayi ogulitsa tomato pa msika wa Lizulu". Client, gawo limene limatumiza zopempha ku pulogalamu, inakana nthawi yomweyo, uthenga wake n'kukhala wakuti Max seed length exceeded. Nditawerenga ndinapeza kuti mawuwo ndi ma byte 40, pamene seed imodzi sipitirira 32. Mayina athu a Chichewa ndi aatali, ndiye mpanda umenewu timaugunda msanga. Mnzanga wina anangoti, "Panga hash, basi." Sanalakwe, koma anandipatsa theka la yankho. Hash, yomwe imasandutsa mawu a kutalika kulikonse kukhala ma byte a chiwerengero chokhazikika, imathetsa vuto la kutalika kokha. Siibisa chinsinsi, siikonza kalembedwe, ndipo siitsimikizira kuti dzina limene mwasunga ndi lomwelo limene linabala adiresi. Musanasankhe, ndi bwino kuona njira zonse zisanu zimene zilipo, chifukwa ma seed mukangotulutsa nawo pulogalamu pa mainnet, netiweki yeniyeni, simungawasinthe popanda kusamutsa maakaunti onse.

Mmene adiresi ya PDA imapezekera

Solana imatenga ma seed anu, kuwalumikiza motsatana, kuwonjezera adiresi ya pulogalamu ndi mawu akuti ProgramDerivedAddress, kenako n'kupanga hash ya SHA-256 ya zonsezo. Zotsatira zake zisagwere pa curve ya ed25519, masamu amene makiyi a Solana amachokerapo, kuti pasapezeke munthu wokhala ndi kiyi yachinsinsi ya adiresiyo. Pafupifupi theka la zotsatira limagwera pa curve, n'chifukwa chake pali bump: byte imodzi yomwe imayamba pa 255 n'kumatsika mpaka adiresi yabwino itapezeka. Ma seed onse pamodzi sapitirira 16, bump ili momwemo, ndipo iliyonse sipitirira ma byte 32.

Pali mfundo imodzi imene anthu ambiri amaiphonya. Polumikiza ma seed, Solana siika chizindikiro chilichonse pakati pawo. Ma seed "ab" ndi "c" amabala adiresi yofanana ndendende ndi ma seed "a" ndi "bc". Muikumbukire mfundoyi, tikumana nayonso kangapo.

Zimene tiziyang'ana

Mtengo uli pawiri. Pali compute units, muyeso wa ntchito imene pulogalamu ikugwira, zomwe instruction imodzi (lamulo limodzi lopita ku pulogalamu) imapatsidwa 200,000 ngati simunapemphe zina, ndipo transaction yonse sipitirira 1.4 miliyoni. Palinso chikole cha rent, ndalama imene akaunti imasunga kuti ikhalebe pa chain. Pa mlingo umene wakhalapo kwa zaka zambiri, byte iliyonse imafuna ma lamport 6,960 (lamport ndi kagawo kakang'ono kwambiri ka ndalama ya SOL), ndipo akaunti iliyonse imawerengeredwa ma byte 128 owonjezera, moti ngakhale yopanda kanthu imafuna ma lamport 890,880. Ndalamayi imabwerera mukatseka akaunti, koma mpaka nthawiyo yamangika.

Kupezeka ndi funso lakuti zida zimene muli nazo kale, monga Anchor (chida cholembera mapulogalamu a Solana) ndi laibulale ya JavaScript, zikuichita njirayo mosavuta kapena ayi, komanso ngati munthu wina angathe kupeza adiresi payekha osakufunsani. Kusamalira ndi ntchito imene mudzakhale nayo chaka chamawa ndi china. Zoopsa ndi malo amene wakuba kapena kulakwitsa kwanu komwe kungalowere.

Njira yoyamba: dzina mmene lilili

Mtengo. Palibe yotsika mtengo kuposa iyi. Mumangolipira kupeza adiresi, komwe ndi compute units 1,500 pa bump iliyonse yoyesedwa. Mukasunga bump mu akaunti, ulendo wotsatira mulipira 1,500 kamodzi kokha.

Kupezeka. Anchor imailandira mosavuta, ndipo ngati seed ikuchokera ku argument ya instruction kapena ku adiresi ya akaunti ina, client imatha kudzipezera PDA kuchokera mu IDL, fayilo yofotokoza ma instruction ndi maakaunti a pulogalamu. Maakaunti ambiri odziwika amayenda chonchi. Associated Token Account imagwiritsa ntchito adiresi ya wallet, ya pulogalamu ya token ndi ya mint (akaunti yoimira mtundu wa token). Metadata ya Metaplex imagwiritsa ntchito mawu akuti "metadata", adiresi ya pulogalamu ndi ya mint. Onani kuti zonsezi ndi zinthu za kutalika kosasintha. Adiresi ya Solana ndi ma byte 32 kale, ndiye kuipangira hash ndi kungotaya nthawi.

Kusamalira. Pang'ono chabe, bola malire a 32 muwaike mu pulogalamu ndiponso pa fomu imene munthu akulembapo.

Zoopsa. Malirewo ndi a ma byte, osati a zilembo. Chilembo ŵ chimatenga ma byte awiri mu UTF-8, moti "Malaŵi" ndi zilembo 6 koma ma byte 7. JavaScript ikakuuzani kuti length ndi 32, Rust ingathe kuona 33. Choopsa chachiwiri ndi chija cha kulumikiza: mukaika mawu awiri a kutalika kosinthasintha motsatana, monga dzina la boma ndi dzina la gulu, anthu awiri osiyana angathe kugwera pa adiresi imodzi, ndipo wochenjera angachite zimenezi mwadala.

Njira yachiwiri: kudula kapena kugawa dzina

Izi ndi njira ziwiri zofanana pakuoneka, koma imodzi ndi yoipa.

Mtengo. Kudula sikuwonjezera kalikonse. Kugawa nakonso si kokwera mtengo, chifukwa ma seed onse amalowa mu SHA-256 imodzi yomweyo.

Kupezeka. Kudula aliyense angachite ndi mzere umodzi. Kugawa kumatanthauza kuphwanya dzina m'zidutswa za ma byte 32 n'kupereka chidutswa chilichonse ngati seed. Mukachotsapo bump ndi seed imodzi ya mawu oyambira, mwatsala ndi malo 14, omwe ndi ma byte 448. Mu Anchor n'kovutirapo, chifukwa mndandanda wa ma seed umalembedwa mwa chiwerengero chokhazikika, ndiye dzina lalifupi mumalidzazira ndi zidutswa zopanda kanthu.

Kusamalira. Nthawi iliyonse PDA ikafuna kusaina kudzera mu invoke_signed, muyenera kupereka zidutswa zonsezo. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo aliyense wolemba client yake ayenera kugawanso dzinalo.

Zoopsa. Ine poyamba ndinadula, ndipo ndinaona ndekha zotsatira zake. Ma byte 32 oyamba a "amayi ogulitsa tomato pa msika wa Lizulu" amathera pa w wa mawu akuti "wa". A "amayi ogulitsa tomato pa msika wa Jenda" amatheranso pomwepo. Magulu awiri, wina ku Ntcheu wina ku Mzimba, anakhala ndi adiresi imodzi, ndipo wachiwiri analephera kulembetsa chifukwa akaunti inalipo kale. M'Chichewa mawu osiyanitsa amakonda kubwera kumapeto kwa dzina, ndiye kudula kumataya gawo lenileni lofunika. Mungathenso kudula pakati pa chilembo cha ma byte awiri, pamene Rust imagwa ndi panic ngati mukudula str. Kudula ndikukuletsani ndithu. Kugawa n'kotetezeka ngati dzina ndi chinthu chokhacho chosinthasintha kutalika pa ma seed onse.

Njira yachitatu: pulogalamu ipange hash yokha

Apa client imatumiza dzina lonse, pulogalamu n'kupanga SHA-256 yake, yomwe imatuluka ma byte 32 enieni, kukwana seed imodzi ndendende.

Mtengo. Anthu amaopa kuti hash imadya compute, koma sizili choncho mukagwiritsa ntchito syscall, ntchito yokonzeka kale imene Solana imapereka ku mapulogalamu. Ntchito za hash ndi hashv za mu solana_program zimayamba pa compute units 85, n'kuwonjezera pang'ono malinga ndi kutalika, moti dzina la ma byte 40 limadya kupitirira 100 pang'ono. Yerekezani ndi 1,500 ya kupeza adiresi. Chokwera mtengo ndi kulowetsa laibulale wamba ya SHA-256 mu pulogalamu n'kumawerengera mkati mwa makina a Solana m'malo mwa syscall. Mtengo weniweni uli pa rent. Popeza hash siibwerera ku dzina, muyenera kusunga dzinalo mu akaunti ngati mukufuna kudzalionetsa: malo a ma byte 64 ndi ma lamport 445,440. Mukasunganso hash yeniyeniyo kuti isamapangidwenso posaina, onjezani 222,720.

Kupezeka. SHA-256 ili paliponse: mu Node, mu msakatuli, mu Python, mu Rust. Chimene mumataya ndi chakuti Anchor siidzipezera yokha adiresi imene seed yake ndi zotsatira za function, ndiye client iyenera kuwerengera yokha n'kupereka akauntiyo. Keccak-256 nayonso ili ndi syscall, ndipo ndi yothandiza ngati mukufuna kugwirizana ndi zinthu za Ethereum. Koma samalani, Keccak-256 ndi SHA3-256 si chinthu chimodzi. Zimasiyana pa padding, ndipo mukasakaniza mudzalandira ConstraintSeeds, cholakwa nambala 2006 cha Anchor, osadziwa kumene chikuchokera.

Kusamalira. Apa ndipo pagona ntchito. Hash imaona ma byte okha, ndipo byte imodzi ikasintha, adiresi yonse yasintha. Chilembo ŵ chingalembedwe m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi cha ma byte awiri, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachizindikiro kapamwamba, zomwe ndi ma byte atatu. Pa sikirini zimaoneka chimodzimodzi. Choncho "Malaŵi" wolembedwa pa foni ina ndi "Malaŵi" wokopera ku chikalata china angakhale maakaunti awiri, osawerengera "Malawi" wopanda chizindikiro, "malawi" wa chilembo chaching'ono, ndi uja wokhala ndi mpata kumapeto. Muyenera kulemba lamulo lomveka: zilembo zazing'ono zokha, mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto ichoke, kalembedwe ka Unicode kakhale NFC, komwe ŵ amakhala chilembo chimodzi. Ndipo pulogalamu ikane dzina losatsata lamulolo, isadalire kuti client yakonza kale. Kukonza Unicode mkati mwa pulogalamu n'kolemera, ndiye njira yachidule ndi kulola mndandanda wochepa wa zilembo: a mpaka z, manambala, mpata, ndi ŵ wa ma byte awiri. China chilichonse chikanidwe.

Zoopsa. Kuti mayina awiri apereke SHA-256 yofanana si nkhawa yoti ikusowetseni tulo, bola musaidule. Mukangotenga ma byte 8 oyamba, kupeza mayina awiri ogundana kumafuna kuyesa pafupifupi mabiliyoni anayi, zomwe kompyuta yamakono imachita. Seed ili ndi malo a ma byte 32, agwiritseni ntchito onse. Chachiwiri, hashv nayonso imangolumikiza zidutswa popanda malire, ndiye vuto la "ab" ndi "c" limakutsatirani mkati mwa hash. Ikani kutalika kwa chidutswa chilichonse patsogolo pake, kapena chilichonse chikhale ndi hash ndi seed yake. Ikaninso mawu okhazikika oyambira, monga "gulu", kuti akaunti ya mtundu wina isadzagwere pa adiresi ya mtundu wina. Chachitatu, dzina likakhala lokha mu ma seed, woyamba kufika ndiye mwini. Wina angalembetse mayina a magulu odziwika eni ake asanabwere, ndipo akaunti ikatsekedwa, wina angaitsegulenso pa adiresi yomweyo, anthu n'kumaganiza kuti ndi mwini wakale uja. Ngati dzina silifunika kukhala limodzi pa pulogalamu yonse, onjezani adiresi ya mwini mu ma seed. Pomaliza, dzinalo limayenda poyera mu transaction, aliyense angaliwerenge pa explorer, tsamba loonerapo ma transaction.

Amene achokera ku Ethereum zimenezi azidziwa kale. CREATE2, yomwe inabwera ndi EIP-1014 mu 2019, imafuna salt (ma byte osakaniza nawo popanga hash) ya ma byte 32, ndipo Uniswap V2 imapeza salt ya pair popanga Keccak-256 ya maadiresi a ma token awiri atasanjidwa kaye. Kusanjako ndiko kumachititsa kuti ma token awiri akhale ndi pair imodzi, osati ziwiri. Ndi lamulo lomwe lija la kukonza zinthu hash isanapangidwe.

Njira yachinayi: client ipange hash, pulogalamu ingolandira

Mtengo. Yotsika pang'ono kuposa yachitatu pa compute, ndipo imapulumutsa malo mu transaction, yomwe malire ake akhala ma byte 1,232. Kaya chinthucho ndi chachikulu bwanji, mumatumiza ma byte 32 okha.

Kupezeka. Ndi njira yokhayo ngati chinthucho ndi chikalata chathunthu, monga PDF ya mgwirizano kapena chithunzi cha satifiketi. SPL Name Service, yomwe mayina a .sol amakhazikikapo, imayenda chonchi: client imapanga SHA-256 ya mawu akuti "SPL Name Service" olumikizidwa ndi dzina, ndipo hash imeneyo, pamodzi ndi class ndi parent, ndiyo ma seed. Popeza adiresi siingakuuzeni dzina, pamafunika akaunti ina ya reverse lookup yobwezera munthu ku dzinalo. Ndi chitsanzo chabwino cha mtengo wobisika wa njirayi.

Kusamalira. Lamulo la kalembedwe lili kunja kwa pulogalamu, ndiye client iliyonse iyenera kulitsata yokha. Lembani mayina angapo oyesera pamodzi ndi ma hash ake ndi maadiresi ake, muwaike mu ma test a zinenero zonse zimene mukugwiritsa ntchito.

Zoopsa. Pulogalamu siidziwa chimene chili kuseri kwa hash. Ngati ikulandira hash ndi dzina padera n'kusunga dzinalo osayerekeza, munthu angapereke hash ya dzina lina ndi dzina lina, akaunti n'kumaonetsa bodza. Ngati dzina likutumizidwa kale, pangani hash mkati, compute 100 si yoti n'kuumira.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene amasankha njirayi pofuna kubisa nambala ya foni kapena ya chitupa. Nambala ya foni ya ku Malawi ndi manambala 9 pambuyo pa +265, ndipo oyamba ake amadziwika kale, monga 88 ya TNM ndi 99 ya Airtel. Zonse zotheka sizifika biliyoni imodzi. Munthu wokhala ndi kompyuta wamba angapange hash ya nambala iliyonse n'kuyerekeza ndi zimene zili pa chain, ndipo asanamalize kumwa tiyi adziwa kuti akaunti iyi ndi ya foni iti. Zolembedwa pa chain sizifufutika, ndiye mayi amene anakukhulupirirani ndi nambala yake mwamuika poyera kosatha. Kuti hash ibise chinthu chotere, pamafunika kusakaniza ndi chinsinsi chachitali, kaya salt yamwayi ya munthu aliyense kapena HMAC, hash yokhala ndi kiyi ya pa seva. Mukatero mwataya phindu lija loti aliyense adzipezere adiresi, ndipo kiyi ikatayika simungagwirizanitsenso anthu ndi maakaunti awo. Ine maganizo anga ndi akuti zinthu zozindikiritsa munthu zisalowe mu ma seed n'komwe.

Njira yachisanu: nambala yowerengera

Dzina silikhala mu ma seed. Akaunti yoyamba ndi 0, yotsatira 1, choncho basi, nambalayo itasandulika ma byte 8 ndi to_le_bytes.

Mtengo. Pamafunika akaunti yosunga nambala. Mu Anchor, ma byte 8 a discriminator (chizindikiro cha mtundu wa akaunti) ndi 8 a nambala amafuna ma lamport 1,002,240, kupitirira pang'ono 0.001 SOL.

Kupezeka. N'kosavuta kulemba. Squads, pulogalamu ya ma wallet osainidwa ndi anthu angapo (multisig), imawerengera chonchi ma transaction a multisig iliyonse. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mungathe kuyenda maakaunti onse motsatana popanda getProgramAccounts, yomwe ndi yolemera ndipo ma seva ena a RPC, omwe client imalankhulirapo ndi chain, amaiikira malire. Kuipa kwake, simungapeze akaunti podziwa dzina lokha, mufunika mndandanda kwina.

Kusamalira. Palibe nkhani ya Unicode, ndipo gulu lingasinthe dzina adiresi osasintha. Imeneyi ndi mfundo yaikulu, chifukwa pa njira zinayi zapitazi kukonza chilembo chimodzi cholakwika kumafuna akaunti yatsopano. Onetsetsani kuti client ikugwiritsa ntchito little endian (dongosolo la ma byte la to_le_bytes) ndi ma byte 8 monga pulogalamu.

Zoopsa. Nambala ikakhala imodzi ya pulogalamu yonse, aliyense wolembetsa amaitsekera polemba, ndiye ma transaction amaima pamzere. Anthu awiri akawerenga 41 nthawi imodzi, mmodzi apambana, winayo alephera n'kuyambiranso. Nambala ya mwini aliyense payekha imachepetsa vutoli. Siiletsanso mayina ofanana.

Njira iti kwa ndani

Ngati chozindikiritsa ndi adiresi, nambala kapena kodi yaifupi yosasintha kutalika, ikani mmene ilili. Maakaunti ambiri amene mudzalembe ali m'gulu limeneli.

Ngati anthu ayenera kupeza akaunti polemba dzina, dzinalo likhale limodzi pa pulogalamu yonse, ndipo lingapitirire ma byte 32, pangani hash mkati mwa pulogalamu, ndi mawu oyambira komanso lamulo la zilembo lokhwima. Kugawa dzina kungagwirenso ntchito pamenepa, koma ndi okhawo amene sagwiritsa ntchito Anchor ndipo sakufuna gawo la hash pa client amene angapindule nako.

Ngati ndi chikalata chachikulu chimene mukufuna kudzatsimikizira kuti chinalipo ndipo sichinasinthe, hash ichokere ku client, ndipo muonjezere adiresi ya wolembetsa mu ma seed kuti wina asatsogole kutenga malowo.

Ngati ndi ma oda, ma invoice, mavoti kapena chilichonse chimene dzina lake lingasinthe, tengani nambala yowerengera ya mwini aliyense. Ngati ndi nambala ya foni kapena ya chitupa, isungeni kunja kwa chain, akauntiyo ipezeke ndi wallet ya mwini.

Pa magulu a m'misika aja ndinaphatikiza ziwiri. Akaunti yaikulu ya gulu, yosunga zonse zofunika, ili pa nambala. Pambali pake pali akaunti yaing'ono ya hash ya dzina, yomwe imangoloza ku yaikuluyo. Gulu likasintha dzina, timatseka yaing'onoyo, chikole chake chibwerera, n'kutsegula ina ya dzina latsopano, ndipo akaunti yaikulu imakhala pomwe inali.